Batire likakwana m'tochi sizitanthauza kuti ndi lake

A Mkonzi,

Ndiloleni malo m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhule ndi anzanga amene kukada amadalira tochi, makamaka iwo amene atopa ndi kugula mabatire otaya sabata ndi sabata ndipo ayamba kufunafuna otchaja. Ine ndine msungichuma wa komiti yoona za chitetezo m'dera lathu kuno ku Area 25, ndipo masana ndimakonza mawailesi ndi zipangizo zina zing'onozing'ono zamagetsi. Chimene chandikhazika pansi kuti ndilembe kalatayi ndi zimene zinationekera mwezi wathawu, chifukwa ndikukhulupirira kuti si ife tokha amene taluzapo ndalama mwanjira imeneyi, komanso ndikuopa kuti ena adzaluza zoposa ndalama.

Anyamata athu oyendera m'makwalala usiku amanyamula matochi amene timagula ndi ndalama zosonkha khomo ndi khomo. Nditawerengera bwino m'buku la komiti, ndinapeza kuti gawo lalikulu la zosonkhazo limathera pa mabatire, ndiye pa msonkhano tinagwirizana kuti tisiye otaya, tigule otchaja. Tsiku logula litafika ine ndinali kumaliro kumudzi, choncho mnzathu wina wa m'komiti ndi amene anapita m'tauni. Iye anachita zimene aliyense wa ife akanachita. Anatenga batire limodzi lakale m'thumba, naonetsa wogulitsa wina chakudepoti, n'kunena kuti akufuna ofanana nalo koma otchaja. Wogulitsayo anamupatsa mabatire asanu ndi atatu okutidwa ndi pulasitiki ya buluu, kutalika kwake ndi kunenepa kwake ndendende ngati lakale lija, namutsimikizira kuti amenewa ndi amphamvu kwambiri.

Madzulo ake anyamata anaika mabatirewo awiriawiri m'matochi anayi. Akuti atayatsa, kuwala kwake kunali kothobwa m'maso, koma pasanathe mphindi imodzi matochi atatu anathima, fungo la pulasitiki yopserera lili guu, ndipo yachinayi inatentha kumutu mpaka mnyamata anaiponya pansi. Nditabwerako kumaliro ndinatenga batire limodzi ndi kuwerenga tizilembo ta m'mbali mwake. Panalembedwa kuti 14500, Li-ion, 3.7 V. Matochi athu anapangidwira mabatire awiri a 1.5 V, kutanthauza 3 V pamodzi, koma usiku umenewo analandira mphamvu yopitirira 8 V, chifukwa batire la mtunduwu likadzaza limafika pa 4.2 V. Mnzathu uja sindimuimba mlandu, ndipo ndikukayika ngati wogulitsayo naye ankadziwa chimene akugulitsa. Onse awiri anayeza ndi maso, monga momwe tonse tinazolowerera kuyambira masiku amene tinkangoti mundipatseko miyala iwiri ya wailesi, wa pagolosale n'kutipatsa popanda funso lina.

Nkhaniyi ingaoneke yaing'ono kwa munthu amene magetsi akathima amangoyatsa jenereta, koma kwa Amalawi ambiri tochi ndiyo nyale ya m'nyumba. Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti mabanja oposa theka m'dziko muno amaunikira ndi mabatire. Ngakhale ife a m'tauni amene tili ndi magetsi tinaphunzira kuilemekeza tochi namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, pamene dziko linataya magetsi okwana pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Mlonda, mayi woyamwitsa, mwana wokonzekera mayeso, wakabaza wobwerera kunyumba mochedwa, onsewa akutulutsa ndalama za mabatire mwezi ndi mwezi. Choncho maganizo ofuna otchaja ndi abwino ndithu, ndipo sindikulemba kuti ndiwagwetse ulesi anthu, koma kuti agule oyenera.

Pa batire lililonse pamalembedwa manambala awiri ofunika, ndipo ambiri timayang'ana imodzi yokha, yomwenso si yoyamba kufunika. Nambala yotsatana ndi chilembo cha V imanena mphamvu imene moto umatulukira, monga momwe madzi amatulukira pa mpopi, pena mwamphamvu, pena mofooka. Nambala yotsatana ndi mAh imanena kuchuluka kwa moto umene batire lasunga, monga kukula kwa mgolo wa madzi. Mgolo ukakula sungaphulitse paipi, umangochedwa kutha, koma madzi akabwera ndi mphamvu yoposa imene paipi inapangidwira, paipiyo imang'ambika ngakhale mgolo wake ukhale waung'ono. N'chimodzimodzi ndi tochi. Batire la mAh yambiri silingaipsereze, limangoyaka nthawi yaitali, pamene batire la V yoposa muyezo limaipha nthawi yomweyo. Wogula akamva wogulitsa akunena kuti batire ndi lamphamvu, afunse kuti mphamvu yake ndi iti mwa ziwirizi.

Mabatire otaya amene tinawazolowera, kaya ndi otsika mtengo aja a zinc ndi carbon kapena okwererako mtengo olembedwa alkaline, onse ndi a 1.5 V. Otchaja amene anapangidwa kuti alowe m'malo mwa amenewa ndi olembedwa Ni-MH, ndipo m'mbali mwake mumalembedwa 1.2 V. Alipo ang'onoang'ono a AAA, amene ambiri amasunga moto wa pakati pa 750 ndi 1,000 mAh, ndiponso a AA, amene abwino ake amasunga pakati pa 1,900 ndi 2,500 mAh. Awa ndiwo amene mnzathu uja anayenera kubwera nawo. Palinso akale olembedwa Ni-Cd, nawonso a 1.2 V, koma amasunga moto wochepa ndipo m'kati mwake muli cadmium, chitsulo chapoizoni chimene sichiyenera kutayidwa pa dzala pamene nkhuku zimapalasa.

Funso limene anthu amandifunsa kawirikawiri pa ntchito yanga ndi lakuti: ngati tochi imafuna 1.5 V, nanga batire la 1.2 V silichepa? Funsoli ndi lomveka, koma limachokera poganiza kuti batire lotaya limakhala pa 1.5 V moyo wake wonse, zomwe si zoona. Batire lotaya limakhala pa 1.5 V kapena kupitirira pang'ono likangotuluka m'paketi, koma likayamba kugwira ntchito mphamvu yake imatsika pang'onopang'ono ngati munthu wotsetsereka phiri, kudutsa pa 1.3, pa 1.2, pa 1.1, mpaka limatha lili cha pa 0.9 V. Ndiye chifukwa chake tochi ya mabatire atsopano imawala kwambiri usiku woyamba, koma pofika usiku wachitatu kuwala kumakhala kwafiira. Opanga matochi amazidziwa zimenezi, choncho tochi yopangidwa bwino imayenera kuyakabe mphamvu ikatsika chotero. Batire la Ni-MH likachoka pa tchaja limakhala cha pa 1.4 V, posachedwa limatsikira pa 1.2 V, ndipo pamenepo limakhazikika pafupifupi nthawi yonse mpaka moto utatsala pang'ono kutha. Mukayerekeza usiku wonse, osati mphindi zoyamba zokha, mupeza kuti m'matochi ambiri lotchaja limawalitsa mofanana ndi lotaya, ndipo m'matochi okoka moto wambiri limaposa.

Kukhazikika kumeneku kuli ndi mbali ina imene woyenda usiku ayenera kuidziwa. Batire lotaya limachenjeza kwa masiku angapo kuti likutha, popeza kuwala kumachepa pang'onopang'ono ndipo munthu amakhala ndi mpata wopita ku okala. Lotchaja silichenjeza motero. Tochi imawala bwinobwino, kenaka m'kanthawi kochepa kuwala kumagwa, munthu n'kutsala mu mdima ali pakati pa njira. Kwa mlonda kapena mzamba, zimenezi si zamasewera, ndipo mankhwala ake ndi kukhala ndi magulu awiri a mabatire, lina m'tochi, lina lodzaza m'kachikwama, osati lomwazika m'thumba limodzi ndi makiyi ndi ndalama zachitsulo zimene zingalumikize mutu wa batire ndi kunsi kwake.

Pano ndichedwepo pang'ono, chifukwa mabatire otchaja ambiri amene anthu amabwera nawo kwa ine akudandaula kuti ndi achinyengo amakhala kuti anawapha okha mosadziwa. M'tochi ya mabatire awiri kapena atatu, mabatirewo amakhala mondondozana, ndipo moto wonse umadutsa mu lililonse. Ngati limodzi latha moto anzake akadali nawo, anzakewo amapitiriza kukankha moto kudzera mwa lotha lija, ndipo motowo umalilowa chobwerera, mosemphana ndi momwe tchaja imalidzazira. Zimenezi zimaliwononga m'kati, ndipo zikachitika kangapo batirelo silisunganso moto. Ife tinazolowera kufinya batire lotaya mpaka dontho lomaliza, popeza likatha n'lotaya basi, koma khalidwe limenelo ndi limene limapha otchaja. Tochi ikangoyamba kuzilala, izimitseni, mabatire apite pa tchaja. Musasakanize lotchaja ndi lotaya m'tochi imodzi, musasakanize latsopano ndi lakale, ndiponso musaphatikize la 2,000 mAh ndi la 1,000 mAh, chifukwa laling'onolo lidzatha msanga n'kuyamba kuzunzidwa ndi mnzake. Ine ndimalemba chizindikiro chimodzi pa mabatire amene anagulidwa pamodzi, kuti azilowa m'tochi pamodzi ndi kupita pa tchaja pamodzi mpaka kukalamba kwawo.

Matochi nawo sali ofanana, ndipo mmene amalandirira mabatire a Ni-MH zimatengera za m'mutu mwake. Tochi yakale ya babu la kawaya imayaka nawo popanda vuto lililonse, kungoti kuwala kwake kumachepako pang'ono poyerekeza ndi mabatire otaya atsopano, koma babulo limakhalitsa. Matochi a LED a batire limodzi kapena awiri amakhala ndi kabodi kakang'ono kumutu kamene kamakweza mphamvu, popeza LED yoyera imafuna pafupifupi 3 V kuti iyake, ndipo kabodiko kamagwira ntchito bwino ndi 1.2 V monga momwe kamachitira ndi batire lotaya limene lagwirako kale ntchito. Amene amafuna kuwayang'anira ndi matochi otsika mtengo a mabatire atatu a AAA, amene ambiri alibe kabodi, amangokhala ndi karezisita kamodzi kochepetsa moto, ena alibiretu. Opanga ake amadalira kuti batire lotaya likakokedwa moto wambiri limadzibweza lokha, ngati madzi odutsa m'paipi yopapatiza. Batire la Ni-MH lilibe kubweza kotero, limapereka moto momasuka, choncho m'matochi ena a mtunduwu LED imatha kutentha kuposa kale. Njira yoyesera ndi yapafupi: yatsani tochi kwa mphindi khumi, kenaka gwirani kumutu. Kukafunda chabe palibe chodetsa nkhawa, koma kukatentha moti dzanja likukana, tochi imeneyo si yoyenera otchaja.

Tsopano ndibwerere ku mabatire amene anatipserezera matochi aja, chifukwa ndi amene achuluka pa misika masiku ano ndipo ndi amene angavulaze munthu. Nambala ya 14500 imangonena muyezo wake, mamilimita 14 m'mimba ndi mamilimita 50 m'litali, womwe ndi muyezo wa batire la AA. Lilinso ndi mng'ono wake, 10440, lofanana ndi AAA, ndi mkulu wake, 18650, limene ambiri amalidziwa chifukwa limapezeka m'mabatire a malaputopu akale. Onsewa ndi a lithium, olembedwa Li-ion, ndipo ambiri ndi a 3.7 V. Alipo matochi amene anapangidwa kuti alandire mitundu iwiri, ndipo zikatero wopanga amalemba poyera pa thupi la tochi kapena pa katoni yake. Chitsanzo chofala ndi tochi imene imabwera ndi kachibelekero ka mabatire atatu a AAA, kamene mukakachotsa mumalowa 18650 limodzi. Pamenepo palibe ngozi, chifukwa atatu a 1.5 V amapanga 4.5 V, ndipo 4.2 V ili pansi pake. Koma ngati tochi siinalembedwe chilichonse chokhudza Li-ion kapena 3.7 V, musayese n'komwe, ngakhale batirelo litalowa bwino chotani ndi kutsekeka bwino chotani.

Kupserera kwa tochi ndi vuto laling'ono poyerekeza ndi zimene batire la lithium lenilenilo lingachite. Batire la mtunduwu siliyenera kutha moto mpaka kutsika pansi pa 2.5 V, koma tochi yopangidwira mabatire otaya sidziwa malire amenewo, imangokoka mpaka litauma. Batire lotero limawonongeka m'kati, ndipo pamene mwini wake akulitchajanso m'pamene lingatenthe, kutupa, ngakhale kuyaka moto wovuta kuzimitsa, mwinanso anthu ali m'tulo. Chinanso ndi pulasitiki yokutira ija. Ambiri amaiona ngati yokongoletsa, koma ndi imene imalekanitsa thupi la batire, lomwe lonse ndi mbali ya kunsi, ndi chitsulo cha tochi. Ikang'ambika chakumutu, batire lingathe kudzilumikiza lokha m'tochi yachitsulo ndi kutentha koopsa m'masekondi ochepa. Ndaona mabatire ochotsedwa m'malaputopu akugulitsidwa ali ong'ambikang'ambika chotero, ena atachita dzimbiri, ndipo mtima umandiwawa ndikaganiza kuti akupita m'nyumba za udzu momwe muli ana.

Alipo ena a lithium amene abwera posachedwa, okhala ndi kabowo ka USB pa thupi lawo, ndipo m'mbali mwake mumalembedwa 1.5 V. Amenewa ali ndi kabodi m'kati kamene kamatsitsa mphamvu, choncho angathe kulowa m'tochi ya mabatire otaya, kungoti akatha amathima kamodzi n'kamodzi popanda kuzilala n'komwe. Apanso chimene chikutiuza zoona ndi nambala ya V, osati dzina kapena mtundu wa pulasitiki.

Pa za mAh ndiye pali chikomekome cha mkuyu. Batire la 18650 lochokera kwa opanga odziwika limasunga pafupifupi 3,500 mAh likakhala lapamwamba kwambiri, koma pa msika mudzapeza ena olembedwa 8,800 kapena 9,900 mAh, ndipo mukawanyamula ndi opepuka ngati muli mpweya. A AA a Ni-MH olembedwa 4,000 mAh kapena kuposa nawonso akunama, popeza m'kabatire ka muyezo umenewo simungakwane moto wotero. Wopanga amene wanama pa nambala yooneka ndi maso sindingamukhulupirire pa zimene waika m'kati. Ndi bwino kugula lolembedwa 2,000 mAh loona kusiyana ndi la manambala odzitama.

Tchaja ndiyo theka la nkhani yonse, ndipo ambiri amaigula pomaliza ndi ndalama zotsala. Tchaja ya Ni-MH ndi yosiyana ndi ya Li-ion, ndipo kusinthanitsa n'koopsa mbali zonse ziwiri, pokhapokha ngati inalembedwa kuti imazindikira mitundu yonse. Pa za Ni-MH zokhazokha palinso kusiyana. Zotsika mtengo zimangothira moto osaleka, kapena zimawerenga maola basi, osadziwa ngati batire ladzaza, ndipo zambiri zimatchaja awiriawiri, moti limodzi limapsa lina lisanakhute. Komanso magetsi akathima n'kubweranso, tchaja yowerenga maola imatha kuyambiranso pa chiyambi, batire lodzaza kale n'kumathiridwabe moto. Tchaja yabwino imayang'anira batire lililonse palokha ndi kuleka likadzaza, ndipo imadziwika ndi kagetsi kake pa malo a batire lililonse. Batire likafunda chakumapeto kwa kutchaja si zachilendo, koma likatentha moti simungaligwire, lichotseni. Tchaja iikidwe pa simenti kapena pa mbale yadothi, osati pa mphasa, pa matiresi kapena pansi pa pilo.

Ndiyeneranso kunena mosabisa za chizolowezi choika mabatire otaya pa tchaja. Pa mabatire amenewa pamalembedwa chenjezo loletsa, koma popeza limalembedwa m'Chingerezi ndi tizilembo tosaoneka, ambiri saliwerenga. Batire lotaya likathiridwa moto limapanga mpweya m'kati umene ulibe potulukira, ndipo mapeto ake limadontha kapena kuphulika. Madzi a batire la alkaline ndi owotcha khungu ndipo akalowa m'maso angawononge diso. Kuyanika mabatire padzuwa, kuwamenya ndi mwala kapena kuwaluma, monga tinkachitira tili ana, sikubwezeretsa moto. Kumangotakasa kotsalira kuti tochi iyake mphindi zingapo, ndipo kuluma kungaboole chikopa chake mankhwala n'kulowa m'kamwa. Ngati batire la alkaline ladontha kale m'tochi n'kusiya zoyerayera pa sipuling'i, pukutani ndi kansalu konyowa ndi viniga kapena madzi a mandimu, muumitse bwino, tochiyo idzayakanso.

Za matochi akuluakulu a mabatire a D ndingonena mwachidule. Otchaja a muyezo umenewu ndi osowa, ndipo ena amene amapezeka m'kati mwake mumakhala kabatire kakang'ono, monga momwe nambala ya mAh imaululira. Pali timakontena tapulasitiki timene mumaikamo AA kuti likwane pa malo a D, ndipo timagwira ntchito, kungoti tochi siyaka nthawi yaitali ngati kale. Kukulunga AA m'mapepala ndi kutsekera mpata ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya kapena ndalama zachitsulo kunali kopiririka ndi mabatire otaya ofooka, koma ndi otchaja, amene amatulutsa moto wochuluka akalumikizika molakwika, kungatenthe tochi.

Sindinganene kuti otchaja ndi abwino paliponse. A Ni-MH wamba amataya moto okha ngakhale asakugwira ntchito, ndipo kukatentha ngati mu Okutobala amautaya mofulumira, moti tochi yosungira ngozi imene yakhala m'kabati miyezi ingapo mungaipeze ilibe kanthu pa tsiku limene mukuifuna. Vutoli linachepa kampani ya Sanyo ya ku Japan itatulutsa mabatire a Eneloop mu 2005, amene tsopano ali m'manja mwa Panasonic, ndipo makampani ena anatsatira. Mabatire a mtunduwu amasunga gawo lalikulu la moto wawo kwa chaka chathunthu, ndipo amadziwika chifukwa amagulitsidwa ali otchaja kale. Chinanso, opanga mabatire a Ni-MH amachenjeza kuti asaikidwe m'matochi otsekeka kotheratu, monga olowa nawo pansi pa madzi, chifukwa batire likazunzika limatulutsa mpweya wa hydrogen umene ukasowa potulukira ungathe kuphulika poyatsa.

Palinso nkhani ya ndalama ndi ya potchajira, imene sindingailumphe chifukwa ndiyo imatsekereza anthu ambiri. Mabatire anayi abwino ndi tchaja yake amafuna ndalama zambiri pa tsiku limodzi, pamene otaya munthu amagula awiri lero, awiri sabata yamawa, malinga ndi zimene wapeza. Komabe batire la Ni-MH losamalidwa limatchajidwa kambirimbiri, maulendo mazana angapo, ndiye kwa amene amayatsa tochi usiku uliwonse ndalamayo imabwerera. Kwa amene alibe magetsi m'nyumba, zilipo tchaja zolandira moto wa 5 V pa USB, zimene zimagwira ntchito ndi kasola kakang'ono kotchajira foni. Ndikuonanso mwayi kwa anyamata a m'mababashopu ndi ena amene amatchajitsa mafoni ku Chinsapo, ku Mtandire, ku Kauma ndi m'madera ena. Atagula tchaja imodzi yabwino, anthu angamasiye mabatire m'mawa n'kudzatenga madzulo monga amachitira ndi mafoni, ndipo banja silingafunikenso kugula tchaja yakeyake.

Aliyense amene anayendapo m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe kapena wa Lingadzi mvula itangokoka zinyalala anaonapo mabatire ophwanyika ali mbwee m'matope. Ena timawaponya m'zimbudzi zokumba, ena pa dzala, ndipo ana amawaswa kuti atenge kamtengo kakuda ka pakati, manja onse ali bii ndi mankhwala. Banja limodzi likasiya otaya limachotsa mulu wa mabatire pa dzala chaka chilichonse. Koma otchaja nawo amafa tsiku lina, ndipo a Ni-Cd ndi a lithium sayenera kuponyedwa pamoto wa zinyalala, popeza ena amatulutsa utsi wapoizoni, ena amaphulika.

Kudzera m'nyuzipepala yanu ndikupempha a Malawi Bureau of Standards kuti mabatire otchaja olowa m'dziko muno aziwayang'ana ndi diso lomwe amayang'anira katundu wina, makamaka pa manambala onama a mAh ndi pa mabatire opanda dzina la wopanga. A Competition and Fair Trading Commission ndi a Consumers Association of Malawi angathandize pophunzitsa ogula ndi ogulitsa omwe, m'Chichewa ndi m'zilankhulo zathu zina, pa wailesi pamene anthu ambiri amamvera. Khonsolo ya mzinda wa Lilongwe ndikuipempha kuti iganizire zoika migolo yolandirira mabatire akufa m'misika ikuluikulu, kuti amene akufuna kutaya moyenera akhale ndi kotayako. Kwa amalonda a mu Malangalanga, a mu msika wa Tsoka ndi a m'misika ya m'madera, pempho langa ndi laling'ono: munthu akabwera kudzafuna mabatire otchaja, mufunseni kuti ndi a tochi yotani, ndipo a 1.2 V musawaike m'bokosi limodzi ndi a 3.7 V. Ndikudziwa kuti ambiri mwa inu simufuna kupweteka kasitomala, kungoti nanunso katunduyu mumamulandira popanda wokufotokozerani.

Ife a komiti tinasonkhanso. Ulendo uno ndinapita ndekha pamodzi ndi mnzathu uja, tochi imodzi ili m'manja, ndipo pa kauntala anali iyeyo amene anatembenuza batire ndi kuwerenga mokweza kuti Ni-MH, 1.2 V, tisanapereke ndalama. Tinagula magulu awiri pa tochi iliyonse ndi tchaja imodzi yoyang'anira batire lililonse palokha, imene imakhala kwa amayi ena a m'komiti omwe ali ndi sola. Anyamata akaweruka m'mamawa amasiya mabatire kumeneko, madzulo amatenga odzaza. Mabatire asanu ndi atatu a buluu aja ndinawamata tepi kumutu ndi kunsi, ndipo ali m'chitini pa shelefu ya kuntchito kwanga, chifukwa mpaka lero sindinapeze malo oyenera kukawasiya.

Ndine wowerenga wanu,
Msungichuma wa komiti ya chitetezo,
Area 25, Lilongwe.